Mikwamba Inayi ya Baliza ya Kunyanja

Ndichenjezeretu: amene mwabwera kudzaseka, sekani msanga muzipita, chifukwa ine nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umawirabe. Chaka chatha tsopano, koma ndikamadutsa pa sukulu ya m'mudzi mwathu ana amaima m'mbali mwa njira n'kutambasula mikono uku ndi uku. Ana opanda mwambo! Ndipo ndikudziwa kuti anawaphunzitsa ndi makolo awo omwe, anthu amene ndimakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi.

Ine ndine msodzi, ndipo Mulungu anandipatsa mikono yaitali. Sindinaipemphe. M'tchalitchi momwemo ndimatha kutenga buku la nyimbo pa benchi yachiwiri kutsogolo osadzuka pamene ndakhala. Mwana wanga Lusia ndiye sanatengereko ngakhale chikhadabo. Anatengera kuchikazi: wamfupi, timikono tatifupi ngati ta amalume ake a Zakaliya, mlongo wake wa mkazi wanga. Koma mwana ameneyu pa mpira ndi wina. Ndiye amagwira pa baliza, golo lija, mu timu ya atsikana ya pasukulupo, ndipo akamadumphira mpira amadziponya pansi ngati thupilo ndi lobwereka.

Chaka chimenecho chinali chake chomaliza pa sukuluyo. Panali mpikisano wa masukulu, ndipo timu yathu inali itatsala ndi masewero amodzi okha, olimbana ndi atsikana a kumtunda, cha ku Maniamba. Opambana amapita ku Metangula, ndipo akakachita bwino kumeneko, ulendo wa ku Lichinga. Lusia anali asanaiponde Lichinga. Anangomva kuti kumazizira, ndiye anabwerekeratu juzi ya amake n'kuipinda bwinobwino kumutu kwa mphasa yake, kudakali mwezi wathunthu.

Vuto linali kampu yathu. Bwalo limenelo linali la miyala yokhayokha, mbuzi zimagona pakati, amayi amayanikapo chinangwa, ndipo baliza zake zinali za nsungwi zimene chiswe chinali chitadya mpaka kumangoima mwa chisomo. Akuluakulu a zamaphunziro anati masewero sangachitikire pamenepo pokhapokha titakonza. Apo ayi, ana athu akwere phiri kukasewera kwa eni ake.

Adilekitola, mkulu wa sukuluyo, anaitanitsa msonkhano Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Kunena zoona, mudzi unagwirizana mochititsa kaso, ndipo n'chimene chimandipweteka kwambiri. Ana asukulu anati atola miyala. Amayi a mpingo anati atuta mchenga ndi kutunga madzi. Anyamata akuluakulu anabwera ndi makasu osalazira. Wamalonda wina amene ali ndi boti la katundu anapereka mapaipi achitsulo ndi simenti. Ife a gulu la asodzi tinalonjeza khoka lakale lotchingira kumbuyo kwa baliza, komanso kuyeza. Za kuyezazo ndinadzipereka ndekha, palibe anandikankha. Ndinaimika mkono, ndipo mkono wanga ukaimikidwa ya ena onse siioneka.

Pomwepo anandiyandikira aphunzitsi a zamasewero, apulofesora Amelia, mtsikana wa dzulodzuloli wochokera ku Lichinga. Anali ndi kapepala m'dzanja limodzi, ndipo m'dzanja linalo fita yoyezera, yatsopano, ikadali m'pulasitiki mwake.

"Atate ake a Lusia, fita ndi iyi," anatero mwaulemu. "Baliza iliyonse ikhale mamita asanu ndi awiri ndi kachidutswa aka ndalemba apa. Chonde, zonse ziwiri zifanane."

"Mamita asanu ndi awiri ndi kachidutswa ndiye mikwamba inayi imeneyo," ndinayankha.

(Kwa inu amene simunagwirepo chingwe cha khoka: mkwamba ndi kutambasula mikono yonse iwiri, kuchokera kunsonga ya chala cha uku mpaka kunsonga ya chala cha uko. Ndi mmene timayezera zingwe, makoka ndi kuya kwa madzi kuyambira nthawi ya makolo.)

"Mwina zili choncho," anatero apulofesora, "komabe fitayi…"

"Mayi, inu phunzitsani ana kuwerenga. Ine ndinayamba kuyeza zingwe inu musanabadwe, ndipo palibe khoka langa limene linabwerako kudzadandaula."

Anthu anaseka. Ine ndinakondwa, chitsiru ine! Fitayo ndinailandira ndithu, kuti ndisaoneke wamwano, n'kuiponya m'thumba la jekete yanga ya kutchalitchi. Mawa lake apulofesora anakwera boti kupita ku maphunziro a aphunzitsi ku Metangula, ndipo anakakhalako mpaka masewero atatsala tsiku limodzi.

Tsiku loyeza kunatentha koopsa, ndipo usipa unali utagwa, aliyense akuthamangira kusoka makoka ake. Ndinaitana alamu anga aja, a Zakaliya, kuti tithane nazo msanga.

"Alamu, inu kayezeni baliza ya kuphiri, ine ndiyeza ya kunyanja. Mikwamba inayi, mukhome zikhomo."

"Inayi basi?"

"Inayi. Kapena ndikulembereni?"

Tsopano tamverani. Mwana aliyense wa msodzi amadziwa lamulo ili asanadziwe n'kusambira komwe: chingwe chimodzi chimayezedwa ndi mikono ya munthu mmodzi. Atate anga akanakhala moyo akanandimenya ndi nkhafi. Ine ndinaiwala chifukwa cha changu, chabwino, ndavomera. Nanga a Zakaliya? Iwo analibe changu chilichonse, munthu amene amatha theka la tsiku akusankha mbedza imodzi! Bwanji sanandikumbutse? Anapita kuphiri kuja ndi timikono tawo, n'kutambasula kanayi, n'kukhoma zikhomo. Ine ndinatambasula yanga kanayi, ndikuchita kukoka chifuwa kuti ntchito ya mudzi isakhale yonyenga. Tinali motalikirana bwalo lathunthu, ndiye aliyense akayang'ana kwa mnzake zimaoneka zabwino. Tinabayibitsana n'kubalalika.

Musaganize kuti Mulungu sanandichenjeze. Anatumiza anthu, ine ndinawabweza.

Woyamba anali wowotcherera zitsulo, amene anabwera ndi makina ake pa boti la wamalonda uja, mizati itaimikidwa kale m'simenti. Anandipeza pagombe ndikusoka khoka.

"Akulu, zitsulo zam'mwamba ndinazidula zofanana, koma cha kuphiri chatsalako, cha kunyanja chaperewera."

"Ndiye vuto lili pati? Dulani chotsalacho mukalumikize kopereweraku. Kodi ntchito yanu ndikuphunzitseni ndine?"

Bambo uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana mikono yanga, n'kupita. Anachita monga ndinamuuzira. Pa chitsulo cham'mwamba cha baliza ya kunyanja panatsala chipsera chakuda cha moto, pafupifupi mkono wathunthu kuchokera pa mzati wa kudzanja lamanja. Chipseracho muchisunge m'mutu.

Kenaka kunabwera za khoka. Tinalidula pakati kuti likwane mbali zonse. Kuphiri linakwana n'kutsala lambiri lolendewera. Kunyanja linasiya mpata woti mbuzi n'kudutsa. Ndinakalipira amene anagwira mpeni, ndinamunena kuti ali ndi maso a nkhanu, ndipo mpaka lero sanandikhululukire. (Ndidzapita kukapepesa. Sindinanene kuti liti.)

Womaliza anali Lusia mwiniwake, atasewerapo masiku angapo.

"Atate, baliza ya kunyanja imanditopetsa."

"Ndi ulesi umenewo. Baliza ndi baliza."

"Komatu anzanga onse amalimbirana kumenyera kunyanja."

"Akufuna kamphepo. Idya nsomba zambiri, usiye kudandaula."

Amake anali pakhomo akusenda chinangwa. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti, "Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo." Ndinawafunsa kuti akunena ndani, iwo anati akungocheza ndi chinangwa.

Loweruka la masewero linafika. Bwalo linali kuwala, inu! Miyala kulibe, mizere yathiridwa phulusa loyera, zitsulo zapakidwa utoto, mbuzi zamangidwa kutali. Anabwera anthu a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, ena pa mabwato kuchokera cha ku Msumba. Amayi a mpingo anavala zofanana n'kumaimba. Atsikana a kumtunda anafika pa lole ali mbuu ndi fumbi, ana odya chimanga, miyendo ngati mitondo. Ine ndinavala jekete ija, chifukwa ndinali nditamva mphekesera kuti anditchula. Ananditchuladi. Adilekitola anati, "Tithokoze katswiri wathu woyeza," ine n'kuimirira, n'kukweza dzanja, n'kutembenukira mbali zonse zinayi kuti pasakhale wodandaula kuti sanandione.

Woyimbira mpira anali mnyamata woonda wochokera ku boma, wa wezulo yofiira. Anafika pakati pa bwalo, n'kuyang'ana kuphiri. Anayang'ana kunyanja. Anayang'ananso kuphiri, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi.

"Pali fita pano?"

 Ine ndinamva chinthu cholemera chikundikhudza m'nthiti, m'thumba la jekete. Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo.

"Ilipo," anatero apulofesora Amelia, mawu ozizira bwino. "Ili ndi atate ake a Lusia."

Abale, mudzi wonse unaona. Ndinapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa fita ija ili m'pulasitiki mwake, yomata monga inachokera kusitolo. Woyimbira uja anavutika nayo mpaka kuing'amba ndi mano. Phokoso la pulasitikiyo linamveka mpaka kumizere ya kumbuyo, ndipo apulofesora sananene kanthu. Akanandilalatira bwenzi ndikanapeza poyankhira. Kukhala chete kumeneko ndi nkhanza, ndipo ndimakuda mpaka lero.

Woyimbira uja anayamba kuyeza kuphiri. "Seyishi!" anakuwa m'Chipwitikizi, kutanthauza mamita asanu ndi limodzi, ndi kachidutswa pamwamba. Ana asukulu, pozolowera kubwereza za aphunzitsi, onse pamodzi: "Seyishiii!" Anayenda ulendo wonse kupita kunyanja, khamu likumutsatira ngati maliro. Anakoka fita, n'kukokabe. "Oyitu!" Mamita asanu ndi atatu. Ana aja: "Oyituuu!"

Ndinatembenukira alamu anga. "Mwaona zimene mwachita?"

"Ine? Munati inayi, ndinayeza inayi." Anatambasula timikono tawo pamaso pa anthu. "Nayi. Kapena mumafuna ndibwereke yanu?"

Wina anakuwa kuti nanenso nditambasule kuti anthu afanizire. Sindinatambasule. Ndinaipinda pachifuwa, ndipo ngakhale choncho inkaonekabe yaitali.

Aphunzitsi a kumtunda anayamba kulusa, adilekitola athu thukuta lili kamukamu. Woyimbira anaganiza pang'ono n'kugamula kuti alendo achokera kutali, simenti siingazulidwe lero, ndipo popeza matimu amasinthana mbali, aliyense alawako baliza yaikulu chigawo chimodzi. Masewero achitike.

Chigawo choyamba Lusia anaima kuphiri, mu kabaliza ka amalume ake. Munalibe polowera ngakhale khoswe. Anagwira mipira yonse mosavuta, a Zakaliya n'kumayendayenda kumbuyo kwake akuuza anthu kuti, "Ntchito ya manja anga imeneyo." Athu ndiye anali ndi chibaliza changa chonse patsogolo pawo, chotseguka ngati khomo la tchalitchi pa Khirisimasi. Mukuganiza kuti anagoletsa? Wina anamenya m'mwamba mpira n'kukagwera m'madzi. Wina anamenya pa mzati. Wina anapatsira m'manja mwa wapagolo wa alendo ngati akupereka mphatso. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Ndakupatsani mamita asanu ndi atatu, ana inu, mukufunanso chiyani? Ndikugwetsereni mizati?

Anasinthana mbali. Ndinaona mwana wanga akuyenda kupita kunyanja, n'kukaima pakati pa chinthu chimene ndinayeza ndekha. Anaoneka wamng'ono, abale. Anayang'ana mzati wa uku, n'kuyang'ana wa uko, n'kulavulira m'manja. Ine sanandiyang'ane.

Mwana uja anagwira ntchito. Ana a chimanga aja anazindikira kuti kuli malo, n'kuyamba kuwomba ali patali. Lusia amauluka kumanja, n'kudzuka, n'kuulukira kumanzere. Zigongono zinasupuka, bondo likutuluka magazi, phulusa lili m'tsitsi. Anthu amene ankandiseka aja anaiwala za ine n'kuyamba kuimba dzina lake. Ine ndinayamba kupemphera, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazitchule pano. Matimu akangolepherana, amakamenya mapenate, ndipo woyimbira anali ataneneratu kuti akamenyera kuphiri.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, mtsikana wina wamtali wa alendo analandira mpira kunja kwa bokosi n'kuumenya ndi mwendo wonse. Unalunjika m'mwamba, kudzanja lamanja. Lusia anadumpha kuposa mmene ndinamuonerapo. Ndinali pafupi, ndinaona ndi maso angawa: zala zake zinafika ndendende pansi pa chipsera chakuda chija. Mpira unadutsa kuseri kwa chipseracho, m'kachidutswa kowonjezera kaja, n'kutulukira pa mpata wa khoka umene mbuzi ikanadutsa.

Zimene ndinachita kenaka ndimazimva kwa anthu, chifukwa mutu unali utachoka. Akuti ndinathamangira m'bwalo jekete ikuuluka, n'kukagwira woyimbira pa phewa ndili patali.

"Si chigoli chimenecho! Si chigoli!"

"Bwanji, akulu?"

"Pamene wadutsa mpirapo si baliza! Baliza yeniyeni imathera pa chipsera apo! Uko ndi kunja! Tayezani, fita muli nayo!"

Mnyamata uja anachotsa dzanja langa pa phewa lake pang'onopang'ono. "Ndamva. Nanga mzatiwo anauika pamenepo ndani?"

  Bwalo lonse, amayi a mpingo, asodzi anzanga, alendo, ngakhale adilekitola, anandiyankhira ndi mawu amodzi: "Yemweyooo!"

Anaimba wezulo. Masewero anatha chimodzi kwa duu, ndipo lole ya kumtunda inanyamuka ikuimba nyimbo imene anaipeka pomwepo, ya mikono yanga.

Kunyumba ndinafika ndikukalipa. Ndinakalipira a Zakaliya ndi mtundu wawo wonse wa anthu aafupi (mkazi wanga ali pomwepo, ndiye mudziwa mmene zinathera). Ndinakalipira wowotcherera chifukwa chomvera zopusa, woyimbira chifukwa chokhala ndi maso, atsikana athu chifukwa cha miyendo yokhota, ndi amene anayambitsa zoyeza ndi mamita. Lusia analowa. Anatsuka bondo lake, n'kulowa kuchipinda, n'kutuluka ndi juzi ija ili chipindire. Anaipereka kwa amake ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo, amayi." Mkwiyo wanga unasowa pogwira, koma sunathe.

Lolemba m'mawa ndinatenga piki ndi sowo yodulira zitsulo n'kupita ku kampu ndekha. Simenti ya wamalonda uja inali yabwino, mwatsoka. Ndinakumba mpaka matuza, ndikutukwana mzati, ana akusuzumira m'mawindo a kalasi. Wowotcherera anabweranso patapita masiku, n'kubwezera kachidutswa kaja kuphiri kumene kanachokera. Pano baliza zonse ziwiri n'zofanana, ndipo masukulu ena amabwera kudzasewerera pa kampu yathu. (Tsiku lina popanda anthu ndinaziyezanso ndi mikono. Sizikwana mikwamba inayi. Ine ndimaonabe ngati fita ija ndi yaifupi, koma sindiuza munthu.)

Tsiku loimikanso mzati panafunika wogwira mbali ina ya fita. Apulofesora anali m'kalasi, a Zakaliya sitinkayankhulana. Ndinangoona Lusia wabwera, bondo lomangabe kansalu, n'kutola nsonga ya fitayo n'kukaigwira pa mzati winawo. Sabata yonse anali asanandiuze mawu opitirira moni. Ndinakoka fita, n'kuwerenga manambala kawiri, n'kukhoma chikhomo.

"Mwana wanga," ndinayamba, "mpira uja…"

"Ya m'baliza ndinagwira yonse, atate."

"Ndikudziwa."

Anayang'ana mikono yanga kuchokera kuphewa mpaka kuzala, kenaka n'kuyang'ana yake.

"Mikono yanuyi mukanandipatsa ine, osati baliza."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, monga mwa chizolowezi changa. Ndinayang'ana kuphiri, ndinayang'ana kunyanja, bwalo lonse munalibe munthu wina woti ndimukalipire.